Zimene Sunandiuze za ku Urbino

Longbridge, Birmingham
Lachinayi masana

Kwa Mayi Tamanda, Katswiri Wamkulu wa Zakudya za ku Italy,

Ine amene ndasaina pansipa, nesi wa zaka makumi awiri ndi zinayi pa ntchito, mwini madigiri awiri, ndiponso mwini mapoto onse a m'nyumba muno, ndikupereka dandaulo langa pa chipongwe chimene chinandigwera Lamlungu lapitali m'khitchini mwanga momwe. Pa tsikuli, azimayi asanu a kutchalitchi ali maso tong'o, inu munandigwira dzanja ndili pafupi kuthyola supageti, n'kunena mokweza kuti, "Mum, no. You don't break it." Ndikukumbutseni kuti ku Italy munakhalako masiku atatu. Atatu! Ine ndinayamba kuthyola supageti inu musanabadwe. Munakula naye wothyolathyola yemweyo, munakhoza naye mayeso onse, ndipo palibe tsiku limene munabweza mbale. Mpaka lero Mayi Phiri, mmodzi wa azimayiwo, akandiona akumandifunsa ngati ndalandira chilolezo kwa mwana chothirira mchere m'ndiwo.

Dandaulo lathera pamenepa. Tsopano ndivule ulemu wa mu ofesiwu, ndiyankhule nawe ngati mayi ako.

Ndikulemba iwe uli ku tauni ndi adadi ako kogula adaputa ya pulagi. Sutikesi yako aiyeza kanayi kuyambira m'mawa, ndipo ulendo uliwonse akumakangana ndi sikelo ngati yawabera. Kalatayi ndiilowetsa pakati pa majuzi ako, uipeza ukakafika. Ndailemba m'Chichewa dala. Ndikudziwa kuti uiwerenga pang'onopang'ono, chala chili pa mzere ngati mwana wa Sitandade 2, ndipo ndi zimene ndikufuna. Chingerezi umathamanga nacho. Umandiyankha "Fine, Mum" funso ndisanalimalize.

Utabwerako ku Urbino mu Julaye, kumene unakaona chipinda chimene ukakhalemo chaka chino cha maphunziro, unatisimbira zambiri patebulo. Unati tauni yonse ndi ya njerwa, inakhala pamwamba pa phiri, ndipo kulikonse ndi chikweza: popita kogula buledi chikweza, pobwerera chikwezanso, zimene ine monga munthu wa sayansi ndikuzikayikirabe. Unati khofi amamwa ali chiimire, m'kakapu konga kamene timagawira mapiritsi ku wodi. Unati masana masitolo amatsekedwa, eni ake kukadya ndi kupuma, popanda wowalembera kalata ya chenjezo. Adadi ako atamva zimenezo anasiya foloko n'kufunsa ngati kumeneko sakufuna madalaivala. Unati madzulo anthu amatchena bwinobwino n'kumangozungulira pabwalo la tauni, osapita kulikonse. Ine ndinakuuza kuti ku Balaka zimenezo timazitcha ulova, iwe n'kundiyang'ana ngati ndanyoza Baibulo. Unatiuzanso za mayi mwini nyumba, amene umawatcha Signora, kuti anakupsompsona masaya onse awiri n'kukupatsa nkhuyu zodzaza mbale.

Tinaseka, tinakondwa nawe. Koma usaiwale ntchito imene ndimagwira. Wodwala akayamba kundifotokozera mwatsatanetsatane za nyengo, za mpira, za mdzukulu wake wanzeru, ndimadziwa kuti pali pena pamene pakupweteka. Tsiku lachiwiri ndi lachitatu unalisimba mpaka mtundu wa makatani. Loyamba unalidumpha. Ndinaonanso mapulasitala awiri ku zidendene zako.

Anti Esnart andiuza. Loweruka anakwera tramu, kasitima ka mu msewu, kenako sitima yeniyeni kuchokera ku Wolverhampton, atangoweruka shifiti, kuti adzandiuze maso ndi maso. Usawakwiyire kaye, uwerenge mpaka kumapeto.

Andiuza kuti basi itatsala pang'ono kufika, m'basimo munalowa bambo woyendera matiketi. Tiketi unali nayo, unagula ndithu, koma sunadziwe kuti kumeneko tiketi imadindidwa pa kamakina ka pakhomo ukangokwera. Akuti bamboyo anadutsa anthu ena onse n'kulunjika pa iwe. Anakukalipira basi yonse ikumva. Pasipoti yako anaitembenuza uku ndi uku ngati yakuba, n'kukufunsa katatu kuti kwanu kwenikweni ndi kuti. Kenako anakutsitsa m'munsi mwa phiri, dzuwa lili paliwombo, ndipo unakwera chikweza chonse wapansi, chikwama kumsana, nsapato zatsopano kuphazi. Pakati pa njira unakhala pa kakhoma n'kulira. Ndipo mawu amene unawauza anti ako pa foni anali akuti, "Don't tell Mum. She'll only worry."

Tsiku loyamba ndinakwiyira bamboyo. Ndinamukonzera mawu m'zinenero zitatu, ena mwa iwo osayenera mayi wa kwaya. Tsiku lachiwiri ndinakwiyira iwe. Lachitatu ndinadzifunsa kuti kodi mwanayu khalidwe limeneli analiona kwa ndani, ndipo yankho lake silinandisangalatse. Ndiye khala pa bedi lako latsopanolo, ndikuuze uchitsiru wa mayi ako mmene unayendera.

Ndinafika ku Coventry mu Febuluwale, ndili ndi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri, n'kupeza kachipinda cha ku Walsgrave. Nyumba zonse zinali zogundana ngati hositelo imodzi yaitali, ndipo ndinkapatsa moni aliyense mu msewu mpaka ena ankawoloka kundithawa. Loweruka lina kunatuluka dzuwa, thambo lili mbee. Ndinati Mulungu wandikumbukira. Ndinachapa mayunifolomu onse atatu, n'kuyanika panja, ine n'kukagona. Podzuka ndinapeza auma gwa, osati ndi dzuwa koma ndi chisanu. Diresi ndinaichotsa pa chingwe ili chiimire ngati muli munthu. Pa nyumba yoyandikana nafe pankakhala mayi wina wachikulire wa ku Jamaica, wa nkhope yolusa, amene ndinkamuopa. Anasuzumira pa mpanda n'kunena kuti, "Darlin', who you punishing?" Anandilowetsa m'nyumba mwake, anandionetsa mmene amayanikira zovala pa chitsulo chotenthetsa m'nyumba, anandimwetsa supu, ndipo kwa zaka ziwiri ndiye anali mayi anga. Ukuona, Tamanda? Dzuwa limene ndinalikhulupirira linandinamiza, nkhope imene ndinaiopa ndiyo inandisunga. Maso a sabata yoyamba ndi mboni yosadalirika. Urbino si bambo wa m'basi uja, komanso si mbale ya nkhuyu ija. Mupatse miyezi itatu usanamuweruze. Ndipo chimene sukuchidziwa funsa, makamaka kwa azimayi achikulire a nkhope zolusa. Tiketi udinde. Ndabwereza: tiketi udinde.

Chaka chomwecho ndinagona ndi njala chifukwa cha ulemu. Mnzanga wa ku wodi, mzungu wa mtima wabwino, ananditenga kwawo Lamlungu titaweruka. Ndinali ndisanalawe kanthu kuyambira m'mawa. Titalowa ndinamva fungo la nkhuku yowotcha, m'mimba n'kuyamba kwaya. Ndiye iye anandifunsa, "Are you hungry?" Iwe sungamvetse, poti unabadwira kuno, koma kwathu mlendo safunsidwa ngati ali ndi njala. Amangoona madzi osamba m'manja afika. Ukafunsidwa ndiye kuti chakudya n'chochepa, ndipo munthu woleredwa bwino amakana. Ndinakana mwaulemu wonse wa ku Balaka, n'kumadikira kuti andikakamize. Iye anangoti, "Okay, love," n'kundipatsa tiyi. Banja lonse linadya ine ndikuonerera ngati ndagula tiketi. Zotsala anapatsa galu. Galuyo ankadya akundiyang'ana, ndipo mpaka lero sindinamukhululukire. Phunziro lake ndi ili: anthu si aneneri. Ukakhala ndi njala nena. Chipinda chikazizira nena. Mphunzitsi akathamanga ndi Chitaliyana chake kweza mkono, ngakhale kalasi yonse icheuke. Signora akakupatsa chakudya idya, usawerengere mafuta, thupi limenelo ndinalivutikira ine. Manyazi sanakhutitsepo munthu.

Cholakwa chachitatu sichoseketsa, ndipo sindinakuuzepo.

Nditatha miyezi iwiri kuno ndinajambulitsa chithunzi chotumiza kwa agogo ako. Ndinabwereka jekete lalitali kwa mnzanga, n'kukaima pafupi ndi galimoto yofiira ya dokotala wina pamalo oimika magalimoto. Tonse tinkatero masiku amenewo, funsa aliyense wa msinkhu wanga kutchalitchi, akakana akunama. Kumbuyo kwa chithunzicho ndinalemba kuti, "Amayi, kuno ndi ku Kenani." Sabata yomweyo bambo wina wodwala anali atakana kuti ndimukhudze. Anabweza mkono wake ngati ndili ndi mphere, n'kuuza mkulu wa wodi kuti amuitanire nesi weniweni. Ine, amene ndinali nditayendetsa wodi ya anthu makumi asanu ndi limodzi ku Lilongwe ndili ndekha! Ndinalowa m'chipinda chotsukiramo mabeseni, n'kutsegula mpopi kuti asandimve, n'kulira mpaka kolala inanyowa. Kenako ndinasukusula n'kubwerera kukagawa mankhwala.

Lamlungu ndinkagula khadi ya foni n'kuimbira amayi. "Muli bwanji kumeneko?" "Tili bwino, kaya iwe?" "Ndili bwino, amayi, kuno zonse zili bwino." Ndinkadziuza kuti ndikuwasunga. Ndinkati mayi wamasiye, telala wa pakhonde la sitolo, amene anasoka mayunifolomu a ana a eni ake mpaka maso kufooka kuti ine ndiphunzire, ndimuuze kuti mwana wake akulira m'chipinda cha mabeseni? Chithunzi chija anachipachika pamwamba pa makina awo osokera. Aliyense wobwera kudzayesa diresi ankayamba waona kaye galimoto yofiira.

Zinayenda choncho zaka zisanu ndi chimodzi. Iwe uli ndi zaka zitatu, Esnart, amene nthawi imeneyo anali akadali kumudzi, anandiimbira n'kungoti, "Achemwali, bwerani." Agogo ako anali ndi chotupa m'bere. Anali atakhala nacho chaka ndi theka. Chaka ndi theka, Tamanda, ine ndikuimba Lamlungu lililonse, iwo akuti tili bwino. Iwo anamulumbiritsa Esnart kuti asandiuze: ali ndi mwana wamng'ono, ali ndi mashifiti, angodandaula. Mwana wawo nesi, amene waphunzitsa azimayi a mayiko awiri kudziyeza mabere, anamva zonse zitatha kale.

Ndinawapeza atatsala ndi masiku khumi ndi limodzi. Masana ena ndikuwadzoza mafuta kumapazi pakhonde, mtima unandipsa, ndinawakalipira. Ndinati, "Amayi, bwanji osandiuza? Mwandichita chiyani chimenechi?" Iwo anangoti, "Iwe, galimoto yofiira ija unaisiya kuti?"

Ndinasiya kuwadzoza mafuta aja.

Anati, "Munthu galimoto yake amaitsamira. Iwe unaima patali, manja kumbuyo, ngati ukudikira ahedi. Ndipo ine ndine telala. Jekete lija manja ake anakupitirira mainchesi atatu. Ndinadziwa tsiku lomwe chithunzi chinafika." Ndinafunsa kuti nanga anachipachikiranji. Anati, "Poti nkhope inali yako." Anapitiriza: "Ndinati mwanayu akafuna adzandiuza. Chaka chinatha, china chinatha. Ndiye ndinati, kani masiku ano timakondana chonchi. Nanenso ndinaphunzira."

Mawu amenewo ndakhala nawo zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Amayi sanaphedwe ndi chithunzi, zimenezo ndikudziwa, ndinaphunzira sukulu. Koma ndikudziwanso zimene chaka ndi theka chimatanthauza pa matenda amenewo. Tinali anthu awiri okondana, aliyense akubisa bala lake kuti mnzake agone tulo, ndipo tinatayana tikuyankhulana sabata iliyonse. Pa maliro Esnart analumbira kuti sadzasunganso chinsinsi cha mtundu umenewo, kaya wamupempha ndani. N'chifukwa chake anakwera tramu Loweruka. Ukafuna kukwiya, kwiyira ine.

Tsono mvetsetsa. Sindikukuletsa kupita. Ndikudziwa kuti china chimene unkaopa n'chakuti ndikamva ndidzati khala, ukaphunzirire Chitaliyana chakocho pa kompyuta. Ayi. Pita. Unalimbikira wekha, malowo unawapeza wekha, ndipo bambo mmodzi wa kamakina ka matiketi sangakulande phiri lonse. Udzakumana naye wina, mwina m'sitolo, mwina m'kalasi momwe. Akadzakufunsa kuti kwanu kwenikweni ndi kuti, uli ndi ufulu woyankha Birmingham n'kutseka pakamwa, uli ndi ufulu wowonjezera Balaka ngati wofunsayo ali ndi nkhope yabwino. Zonse ziwiri ndi zako, palibe chobwereka. Ndikulonjezanso kuti sindikwera ndege kukamusaka bamboyo. Adadi ako abisa kale pasipoti yanga.

Chimene ndikukupempha n'chimodzi: undiuze. Za mabelu ndi za khofi undiuze, ndimazikonda, ndimakazisimba ku wodi ngati ndinaliko. Koma za pa kakhoma paja undiuzenso. Usadikire kuti nkhani ipole kaye kuti udzaisimbe ngati nthabwala pa Khirisimasi. Ya mayunifolomu ija ikukuseketsa lero, koma tsiku limenelo ndinalibe chovala cha ku ntchito, ndinalibe woseka naye, ndinalibe womuuza. Ndiimbire misozi isanaume. Ndikakhala pa shifiti siya uthenga, ngakhale ukhale wa kufwenthera kokhakokha, ndidzaumva pa buleki. Lankhula Chingerezi, lankhula Chichewa chako chopindikacho, lankhula Chitaliyana ngati wafuna, ine kulira ndimakumva m'chinenero chilichonse.

Ukuti ndidzada nkhawa. Inde ndidzada nkhawa, nanga ntchito yanga ndi chiyani? Ndinaifunsira ndekha tsiku limene ndinakubereka, ndipo ilibe penshoni. Ukandibisira sundichotsera nkhawa, umangoichotsera adiresi. Nkhawa yopanda adiresi imagogoda khomo lililonse: mwina wadwala, mwina wabedwa, mwina wagwa pa chikweza. Milungu isanu ndi umodzi ndakhala ndikuganizira mapulasitala awiri aja, ndipo zimene ndinkaganiza zinali zoipa kuposa zimene zinachitika. Undiuze, Tamanda.

Ndipo poti sindingapemphe chimene ine ndikukana kupereka, ndiyambe ndine. Mu Epulo anandipeza ndi shuga. Si woopsa kwambiri, ndamugwira msanga, ndikumwa mankhwala, ndipo ndikudziwa zochita kuposa kadokotala kamene kanandiuza, kamene ndikukhulupirira kuti kanabadwa ine ndili kale pa ntchito. Mapiritsi ali m'chitini cha tiyi chobiriwira chija, kuseri kwa ufa. N'chifukwa chake ndinasiya shuga mu tiyi. Si kusala kudya kwa kutchalitchi monga ndinakuuzira. Ndinawauza adadi ako kuti asakuuze, uli ndi mayeso, ungodandaula. Wamva mawu amenewo? Ndinawatchula ndi pakamwa panga, m'khitchini momwe muno, osadzimva n'komwe. Ndinadzimva Loweruka, Esnart atakhala pa mpando uwu. Pepa, mwana wanga. Mu Okutobala ndikukayezetsanso magazi, ndipo zotsatira zake udzazimva tsiku lomwelo, zikhale zabwino zikhale zoipa. Ukhoza kundikalipira, koma mwaulemu, ndidakali mayi ako.

Zina zonse ukuzidziwa. Mpango wa kumutu uli m'thumba la m'mbali, mafuta a tsitsi ndaika mabotolo awiri chifukwa pa phiri limenelo sindikukhulupirira kuti ukawapeza. Tchalitchi ukapeze, kumeneko akuti n'zambiri kuposa mabafa. Mnyamata aliyense wa njinga yamoto ndi tsitsi lonyezimira umuuze kuti mayi ako amabaya jakisoni. Nsapato zatsopano zija ndazichotsa mu sutikesi, ndaikamo zakale zija zimene mapazi ako amazidziwa.

Ndamva galimoto panja, mwabwera. Ndimalize msanga adadi ako asanayambe kuyeza kachisanu.

Kwatsala nkhani ya chindapusa. Mlandu wobisira mayi ako misozi sumatha ndi pepani wapakamwa. Ine ndi Anti Esnart takhala pansi, ndipo tagamula kuti ulipire mbuzi. Imodzi, yamoyo, yaikazi, yobadwira ku Italy komweko, ya makhalidwe abwino ndi mapepala okwanira. Ubwere nayo pa holide, ikhale pa mpando wa pawindo itamanga lamba. Ukanena kuti nanenso ndili ndi mlandu womwewo, ndavomera, koma wanga ndaulula ndekha, choncho ndilipira nkhuku. Ndipo dziwa kuti ukadzandibisiranso, mlandu wachiwiri ndi ng'ombe. Kabwalo kathu ka kuseri ukukadziwa kuchepa kwake, ndipo aneba athu ndi anthu odandaula. Tichitire chifundo, mwana wanga. Imba foni.

Ndine mayi ako,
wodikira mbuzi.